Wometa Amene Amatseka Lachisanu

Inu amene mukuti zanu zada, imvani za wometa wina amene anapita kuchipatala pa wilibala. Maso anali achikasu, mimba itatupa ngati ng'oma. Mlongo wake ndiye ankakankha, misozi ili chuchuchu.

Mkuluyu anali pa ma ARV zaka zinayi, thupi lili bwinobwino. Koma tsiku lokatenga mankhwala linkakhala Lachisanu, pomwe benchi ya pometera pake imadzaza mpaka makasitomala ena kuima panja. "Ndipita sabata ya mawa," ankatero. Sabata ya mawayo inasanduka miyezi inayi.

Namwino sanamunyengerere. "Bambo, tinakuuzani kuti tizilombo muli nato tiwiri, ka HIV ndi ka hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi. Piritsi lomwelo ndilo limagoneka tonse tiwiri. Mwasiya, ka m'chiwindi kadzuka ndi ukali. Chiwindi chikatha, kulibe sitolo yogulitsa china."

"Ndiye kuti ndafa, mayi?"

"Ngati mukufuna. Ife sitikufuna."

Anatuluka patatha milungu isanu, atatsala mafupa okhaokha. Mowa anausiyira pomwepo, anzake n'kuyamba kumutchula kuti abusa. Atabwerera pa ntchito yometa, manja ankanjenjemera. Mlamu wake anadzipereka kumetedwa koyamba, ndipo anavala chipewa sabata yathunthu.

Kenako wometayo analemba pachitseko ndi choko: Tsiku langa la kuchipatala ndimatseka.

"Achimwene, mukudziyalutsa!" anatero mlongo wake.

"Adziwe, asamandichonderere kuti ndiwamete kaye," anayankha.

Makasitomala ena anathawadi, benchi n'kukhala mbee. Iye osatekeseka. Piritsi m'mawa uliwonse, magazi kukayezetsa pa nthawi yake, lumo latsopano kwa aliyense, mashini ometera kupukuta ndi spiriti munthu akuona. Mmodzimmodzi anayamba kubwerera, poti mutu wometedwa bwino subisika.

Patatha zaka ziwiri, dokotala anaunika chiwindi chija, n'kuvula magalasi. "Zipsera zilipo, bambo. Koma chasiya kuwonongeka, ndipo chikugwira ntchito yake."

Wometa uja, bambo wamkulu ndi ndevu zake, analira pamaso pa anthu, osabisa nkhope. Kunena zoona, ine ndimamunyadira munthu ameneyu. Anaphonya yekha, anavomera yekha, nadzuka.

Nanunso ngati munalekeza mankhwala panjira, musadikire sabata ya mawa. Bwererani kuchipatala lero, mutu uli m'mwamba. Osataya mtima, mukadali moyo.