Ndevu za Bambo

Bambo anga sanali munthu woti n'kumuona ndi ndevu. Zaka zonse zimene anagwira ntchito ku mgodi ankatuluka m'nyumba yathu ya ku Mindolo, ku Kitwe, chibwano chili see, ngati cha mwana wasukulu. Ankati mwamuna wa ndevu zosasamala ndiye kuti ali pa maliro kapena wangotuluka kundende. Ndiye pamene sitiroko inawagwetsa n'kuwapha dzanja lamanja, ine ndinkada nkhawa ndi mankhwala ndi chakudya, koma eni akewo mtima unali pa ndevu basi.

Mayi anali atamwalira kale. Alongo anga awiri anali kutali, wina ku Lusaka, wina ku Joni, ndipo chikondi chawo chinkafika pa foni. Ine ndinkakhala ndekha ku Ndola, m'nyumba ya lendi ku Kanini, ukwati utatha, ana atakula n'kumwazikana. Ndinabweza makiyi kwa mwini nyumba n'kubwerera ku Kitwe, m'chipinda chomwe ndinkagona ndili mtsikana. Tinatsala awiriwiri m'nyumba imene kale munthu unkasowa pokhala.

Kusamba ankatha okha, atakhala pa kampando, chitseko atatseka. Kudya ankadya ndi dzanja lamanzere, uku akung'ung'udza. Chimene chinawakanika ndi kumeta. Chometera chawo chinali chakalekale, chachitsulo, cholemera m'manja, chija chomwe umapotokola chogwirira, mutu n'kutseguka, iwe n'kugoneka lezala la mbali ziwiri pakati. Atangotuluka m'chipatala anayesa kudzimeta ndi dzanja lamanzere, ndipo anadzicheka pansi pa khutu. Mankhwala amene ankamwa anali osungunula magazi, choncho kabala kakang'onong'ono kanangoti chuu mpaka thaulo lonse kufiira. Ndinathamanga nawo ku kiliniki, ndipo namwino ananena mosapita m'mbali kuti asadzagwirenso lezala okha.

Pobwera ndinawauza kuti vuto palibe, ndiziwameta ine. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati mwana wamkazi sagwira chibwano cha bambo ake, ndipo anthu akwathu atamva angatiseke mpaka kumanda. Anthu akwathuwo ankanena anzawo a ku tchalitchi, mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ukalaliki ndi ntchito za mgodi. Bambo anabadwira konkuno ku Kitwe, ndipo ku Malawi anangopitako kangapo pa maliro, koma akati "kwathu" ankanena kumeneko. Mu mpingomo anali mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo maso a anzawowo ankawaopa kuposa matenda.

Ndinakwiya, kunena zoona. Munthu ndasiya moyo wanga, ndikuchapa zofunda zawo, ndikuwadulira nyama m'mbale, koma chibwano chokha n'chopatulika? Komabe ndinameza mawu n'kupita kumsika kukatenga wometa. Anabwera bambo wina wansangala ndi mashini ake m'kachikwama. Atangowatulutsa, bambo anaona titsitsi ta anthu ena tili m'mano a mashiniwo. Wometayo anapopera sipiliti pang'ono n'kupukuta pa thalauza, uku akuwalankhula Chibemba mokweza ngati akulankhula ndi wogontha. Bambo Chibemba ankachidziwa bwino lomwe, koma chichokereni sitiroko lilime lawo linkangovomera Chichewa chokha. Anangoloza chitseko ndi ndodo yawo, ndipo munthu uja anapita osagwira ntchito.

Ndevu zinayamba kumera, zoyera, zina zopota, zina zoima. Pamene zinkakula, bambo nawo ankabwerera m'kati mwa nyumba. Anasiya kukhala pakhonde. Kenako anasiya kukhala pabalaza. Azimayi a mpingo akabwera kudzawazonda ankandituma kuti ndikanene kuti agona, ine n'kumanama pakhomo, alendo akumva chifuwa chawo kuchipinda. Anthu amatopa ndi kubwezedwa, ndiye anasiya kubwera. Za tchalitchi ndiye sankafuna n'kumva komwe. Anati sangakaime pamaso pa anthu akuoneka ngati wamisala wa pa siteshoni.

Miyezi imeneyo inali yowawa. M'nyumba munali zii. Ndinkaphika, kuwapatsira, kutsuka mbale, kenako n'kukhala kukhitchini ndi wailesi, nthawi zina n'kumaiyankha ngati munthu. Ndinasungulumwa kuposa mmene ndinasungulumwira ukwati wanga utatha, chifukwa apa munthu analipo, kuseri kwa khoma, koma sankafuna kuonedwa. Ndinaona kuti ndevu zija zikapanda kuchoka, bambo adzafera m'chipindamo asanaonenso dzuwa.

Nditadandaula pa foni, mlongo wanga wa ku Lusaka anatumiza pa basi chometera chamakono, cha pulasitiki, chokhala ndi timitu tosintha, kamutu kalikonse kali ndi timalezala tothithikana m'kati. Anati chimenecho sichicheka, ngakhale mwana angamete nacho, ndipo ananena monyadira ngati wathetsa nkhani yonse. Bambo anachitembenuza m'manja, n'kuvomera kuyesa. Anayamba afupikitsa ndevu ndi sizasi mmene akanathera, n'kupaka sopo. Anakoka kamodzi, kawiri, basi chatsekeka. Ndevu ndi thovu zinalowa pakati pa timalezala tija n'kukanirira momwemo. Amati uzichitsuka pa mpopi wothamanga, koma mpopi wathu unkangodontha ukafuna, ndipo madzi tinkasungira m'zigubu. Bambo anachivundula m'beseni, anachigogoda m'mphepete, osatheka. Ine ndinayesa ndi mswachi wakale, koma zimene zinali kuseri kwa timalezala sizinkafikika.

Anavutika nacho milungu ingapo, akumeta zigamba, kuno kwayera, uko kwatsala. Akamaliza ankachisiya m'kapu chili chonyowa, nyansi zili m'kati. Pakhosi panatuluka ziphuphu zowawa, zina n'kuyamba mafinya. Tsiku lina m'mawa ndinamva chinthu chikugunda khoma, ndipo nditalowa ndinapeza kamutu kali kwina, chogwirira kwina.

"Chinthu chosatseguka ungachitsuke bwanji?" anatero. "Muuze mlongo wakoyo azimetera yekha."

Ndinadikira ziphuphu zipole. Loweruka lina, mkwiyo utandikwana, ndinatsegula kabati n'kutulutsa chometera chachitsulo chija. Sindinkadziwa kuti ndichita nacho chiyani, ndinangofuna chochita ndi manja. Chinali chomvetsa chisoni. Sopo anali ataumira m'mano mwake, ndipo lezala lija anadzicheka nalo linali lidakali momwemo, litachita dzimbiri n'kumatirira. Magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, ndiye ndinawiritsa madzi pa mbaula. Ndinachimasula zidutswa zake zitatu, n'kuziviika m'madzi otentha a sopo, n'kuyamba kukwecha ndi mswachi.

Ndinangomva ndodo ikugogoda pansi. Bambo anali ataima pakhomo la khitchini, malo amene anali asanafikeko kwa nthawi yaitali. Anayang'ana kanthawi, kenako anayamba kundidzudzula. Ndinkakwecha molakwika, ati, mswachi uziyenda motsata mano. Ndisaiwale mzinga wa chogwirira, chifukwa m'menemo ndi mmene mumabisala sopo. Ndikatsukuluza ndithire sipiliti, ndipo chidutswa chilichonse chiume pachokha pawindo, chifukwa chometera chotsekedwa chili chonyowa ndicho chimabala dzimbiri ndi ziphuphu. Lezala latsopano ndiligwire kumbali zosathwa, ndipo ndisalipukute ndi nsalu, ndingalibunthitse. Lakale ndiliponye m'kachitini kotseka, lisapite kudzala kumene ana a eni ake amasewera. Analankhula mawu ambiri m'mawa umenewo kuposa mwezi wonse wapitawo, ndipo ine, amene sindikonda kulamulidwa, ndinangoti inde bambo, inde bambo, mtima ukudumpha.

Chitauma n'kuchimanga, chinkawala. Anachitenga m'dzanja lamanzere n'kumachiyeza kulemera, dzanjalo likunjenjemera. Apo m'pamene nzeru inandibwerera.

"Bambo, gwirani inuyo," ndinatero. "Ine ndigwira dzanja lanu lokha kuti lisagwedere. Wometa ndinu. Nkhope yanu sindiikhudza."

Anachitembenuza chometeracho m'dzanja mwawo. Kenako anandiuza kuti ndibweretse galasi ndi madzi ofunda.

Tinakhala kuchipinda kwawo, iwo pa mpando, ine nditaima kumbuyo kwa phewa lawo. Thaulo lotentha anadziika okha, thovu anadzipaka okha. Ine ndinazinga dzanja lawo ndi langa, ndipo tinayamba pa tsaya, kutsika pang'onopang'ono. Ankandiuza kuti ndisakanikize, chitsulocho chili ndi kulemera kwake, chimadziwa ntchito. Tikakoka pang'ono tinkachivundula m'beseni, ndevu zonse n'kuyandama, chometera n'kutuluka choyera. Pofuna kukunga khungu ankatupitsa tsaya ndi lilime kapena kukweza mutu, ine osakhudza ngakhale ndi chala. Msana unandiwawa, mkono unachita dzanzi. Sindinali nditaimapo pafupi nawo chotero chichokereni ubwana wanga, ndipo ndinaona kuti khosi lawo laonda kwambiri. Titamaliza panalibe bala ngakhale limodzi. Anadziyang'ana pagalasi mbali iyi ndi iyo, n'kunena kuti nditsuke chometera tsopano lino, ndisadikire, ndipo ndikasite suti yawo yakuda. Mawa lake tinkapita ku tchalitchi.

M'takisi monse ankangotchula anzawo. Uja ankakhala naye pa benchi la akulu ampingo adabwa, ati. Uja woyambitsa nyimbo adzati wauka kwa akufa. Suti inkawakhuthukira m'mapewa, koma anakhala mowongoka, chala chikuyendayenda pachibwano.

Titafika, wolandira alendo pakhomo anali munthu amene sitinkamudziwa. Anawapatsa moni wa ulemu m'Chibemba, n'kuwatcha shikulu monga amatchulira nkhalamba iliyonse, ndipo anatikhazika kumbuyo pafupi ndi khomo kuti asavutike kuyenda. Bambo anasuzumira kutsogolo. Pa benchi la akulu ampingo panali anthu a msinkhu wa alongo anga. Abusa anali atsopano. Mapemphero anayenda m'Chibemba ndi Chingelezi, ndipo nyimbo ya Chichewa inali imodzi, imene ambiri ankangoing'ung'udza. Bambo anaiimba yonse pamtima, mawu akutuluka mopotoka.

Potuluka anaima panja atatsamira ndodo, pamalo poti aliyense awaone. Anthu ankadutsa, ena n'kuwerama pang'ono mwaulemu, n'kupitirira. Palibe anawaitana ndi dzina la mfunda wawo. Kenako panatulukira mayi wina wokalamba, mkazi wa mnzawo uja wa pa benchi, akutsogoleredwa ndi mpongozi wake chifukwa maso anali atachita khungu. Anawazindikira ndi mawu, n'kuwagwira dzanja osafuna kulisiya. Anafotokoza kuti amuna ake ali gone kwa mwana wawo ku Solwezi, sadziwanso munthu. Woyambitsa nyimbo uja ana ake anamutengera ku Malawi kuti akafere kwawo. Ena awiri anaikidwa m'manda miyezi yomweyo imene ife tinkabweza anthu pakhomo. Mayiyo anati anamva kuti bambo adwala kwambiri, ndipo anawafunsa ngati akuoneka bwino tsopano, poti iye sangathe kuona.

Tinabwerera kunyumba. Anavula suti, anadya pang'ono, n'kukakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akuyang'ana msewu. Sabata yonseyo ankakhala pamenepo. Ine ndinkaopa kuti abwereranso kuchipinda, koma ayi, ankangokhala, odutsa n'kumadutsa.

Loweruka lotsatira ndinawiritsa madzi, ndinaika lezala latsopano, n'kuwapatsa chometera m'dzanja lamanzere. Anachigwira pang'ono, kenako anachibwezera m'manja mwanga.

"Ndimete wekha, mwanawe," anatero. "Watsala ndani woti atiseke?"

Anatsamira mpando, anakweza mutu n'kutsinzina. Chimenechi n'chimene ndinkachifuna miyezi yonse ija, koma sindinakondwe ngakhale pang'ono. Ndinaika zala zanga pachibwano chawo, chinali chofunda ndi chopepuka, ndipo ndinayamba ndadikira kuti misozi iphwe m'maso, kuopa kuwacheka.