Mng'alu Umene Ndinabisa ndi Kwaya

Tchalitchi chathu chakale cha ku Madumabisa, kumigodi ya malasha, chimene anamanga makolo athu ochokera ku Nyasalandi, chinkadontha ponseponse. Kampani ina inavomera kuchikonza poti boma likanaichotserako msonkho, koma inati chikapezeka chowonongeka kwambiri chingogwetsedwa.

Tsiku limene mzungu wa kampaniyo anabwera kudzachiona, ine mkulu wa mpingo ndinaimika amayi a kwaya kukhoma lakumadzulo, kuti aphimbe mng'alu wolowa dzanja lonse. Anaimba mpaka thukuta. Mzunguyo anaomba m'manja n'kungoyang'ana denga. Tinalandira malata atsopano, khoma osalikhudza.

Kuyambira pamenepo ulaliki sindinkaumva. Sitima ya malasha ikamadutsa n'kugwedeza nthaka, maso anga ankathamangira kukhomalo, kumene kunkakhala amayi a mumpingo. Kuulula ndinkaopa, ndiye ndinangonong'oneza mkazi wanga.

"Amake Joni, muzikhala pafupi ndi chitseko. Kuli kamphepo kabwino."

Anandiyang'anitsitsa.

"Nanga anzangawa, bambo, kamphepoko sakukafuna?"

Lamulungu lotsatira mkazi wangayo anakakhala pansi penipeni pa mng'alupo, Joni ali pamiyendo. Nyimbo yoyamba isanathe ndinaimirira n'kuuza mpingo zonse.