Wobisa Nkhope Tinkamuyesa Mbava

Dzulo mwana wanga Zainabu anakuwa foni ili m'manja: "Amayi, buku latsopano latuluka! Ngwazi yapambana, anzanga onse apenga!" Nditasuzumira zithunzizo, fungo la mandasi linandibwerera.

Ndili mwana ku Dwangwa, mayi wina ankakulunga mandasi m'mapepala a mabuku azithunzi ngati amenewa. Ine ndi mchemwali wanga Mwanaisha tinkalimbirana pepalalo kuposa mandasiwo. Mafuta ankalowerera mpaka nkhope za kuseri n'kumaonekera. Chingerezi sitinkachidziwa, koma nkhani tinkaitsata bwinobwino. Chimunthu chadazi, chosekaseka, ndicho chinali ngwazi yathu. Winayo, wophimba kumaso, wodumphadumpha pamadenga a eni, anali mbava basi. Munthu wabwino angabisirenji nkhope?

Tsiku limene wadaziyo anaponya mbavayo m'madzi, tinavina msika wonse ukutiyang'ana. "Mumize! Mumize!" ankakuwa Mwanaisha, pepala lili m'mwamba.

Ndiye dzulolo ndinaloza wadaziyo pafoni. "Wanga ndi uyu."

Zainabu anagwira pakamwa. "Amayi! Uyutu ndi amene amawotcha mizinda!"

Kani zaka zonsezi ndinkachemerera chigawenga! Komabe wobisa nkhope asadzayerekeze kugogoda pakhomo panga.