Nkhono za m'Thamanda Lobiriwira

Chaka chimenecho ndinataya ndowa imodzi, galu, chizolowezi choyankha funso lililonse, ndi mkazi wanga.

Tinafika ku Chikwa mu 1992, chaka cha chilala, ine nditangotuluka ku koleji ya uphunzitsi, iye atangosiyana ndi mpopi wa kwawo ku Chipata. Chilichonse chinkamuseketsa: Chisenga changa chotsimphina polankhula ndi eni mudzi, njovu yomwe inatitsekera njira ya ku tchalitchi, tayi yomwe ndinkavala thukuta lili kamukamu.

Pofika Okutobala mtsinje unauma. Azimayi ankapita kutali kukafukula mchenga n'kumadikira kuti chikho chidzaze. Chonsecho kuseri kwa sukulu kunali thamanda lodzaza bwino, kungoti ndere zinali zitaliphimba ngati penti wobiriwira. M'matope ake munali nkhono zija za zigoba ziwiri, ndipo kunyumba ndiwo zinali zitavuta.

Mkazi wa mlonda wa sukulu anatipeza tikutola.

"Aticha, madzi akavala malaya awa ngakhale mbuzi timazibweza," anatero mayiyo.

"Nanga nkhonozi?" anafunsa mkazi wanga.

"Zigoba n'zopalira mphika. Zam'kati n'za akakowa."

Mkazi wanga ananditembenukira. "Ophunzira ndinu. Nenani."

Sabata lomwelo ndinali nditalembera ana a Giredi 6 pa bolodi kuti kuwiritsa kumapha tizilombo tonse, n'kudula mzere kunsi kwa "tonse". Ndinabwereza zomwezo pathamandapo, mokweza, ngati ndili m'kalasi. Mayi aja anawomba m'manja mwaulemu n'kumapita.

M'mawa mwake ndinayenera kupalasa njinga kupita ku boma la Chama kukatenga mapepala a mayeso. Ndinabwerako patatha masiku atatu. Galu anali atakwiriridwa kale. Mkazi wanga anthu anali atamunyamula pa machira kupita ku kiliniki, maso ali achikasu, osalankhulanso. Dokotala wa pamenepo anandiuza mofatsa kuti poizoni wa ndere si kachilombo, moto sumupha, ndipo nkhono zimamwa madziwo tsiku lonse n'kumusunga m'thupi. Madziwo palibe anawapima. Ine sindinafunse zambiri. Mkazi wanga anamwalira tsiku lotsatira, ndipo mayi aja ndi amene anasambitsa thupi. Sanandikumbutsepo kanthu, mpaka ndinasamuka.

Ndowa inatsala kuthamanda. Sindinakaitenge.

Tsiku lonyamuka kupita ku Chama lija ndinasiya nkhono zili pamoto, ziwire m'madzi a m'thamanda momwemo. Ndinavula wotchi yanga n'kumumanga mkazi wanga pamkono, kuti ziwire mphindi makumi awiri zathunthu, osati zongoganizira. Inamukulira, inkatsetserekera kuchigongono. Anandiperekeza mpaka pa mtengo wa msikizi, akuyang'ana wotchiyo monyada ngati ahedi pa belu la m'mawa, galu ali pambuyo. Ndinayambanso kufotokoza za mphindi zija. Anandikankha chishalo cha njinga.

"Pitani manje, aticha, dzuwa lakwera. Mukachedwa ndidya ndi zanu zomwe."