Mwendo wa Amayi ndi Mkamwini Wawo

Amuna anga, aEvaristo Mbewe, amamanga mabala pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Sinda. Ntchitoyi anaiphunzira kumigodi asanadzandikwatire mu 1955. Okalamba amawakonda. Saitana nkhalamba ndi dzina lolembedwa pakhadi ayi. Amayamba afunsa mfunda, nanjuta pansi, kenaka: "Pepanitu aNaphiri, tikuvutitseniko pang'ono." Ngakhale wogontha samukalipira, amangosendera kufupi ndi khutu.

Koma ulemu womwewu unatsala pang'ono kudulitsa mwendo wa amayi anga.

Dzinja lathali amayi anadzitema ndi khasu pamsongolo. Anabisa mwezi wathunthu, mpaka chilonda chinayamba kununkha. Tinawatengera kuchipatalako pangolo. Sisitere wachizungu, amene amabwera Lachiwiri lokha, anati chilondacho chizitsukidwa tsiku lililonse ndi kuchotsa mnofu wakufa, apo ayi awatumiza kuchipatala chachikulu ku Fort Jameson akaudule mwendowo. Anakwera galimoto napita. Wodziwa ntchitoyo anatsala mmodzi, mkamwini wawo.

Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, nanji kuwagwira. AEvaristo analowa ndi beseni, amayi anatembenukira kukhoma. Iwo anaika beseni pansi, natuluka chafutambuyo.

Masiku awiri ndinayesa ndekha. Mnofu wakufa ndi wamoyo sindimausiyanitsa. Ndinawatsatira amuna anga kuseri.

"Bambo a Esther, si inu amene nkhalamba zonse zimakutamani? Amayi anga okha ndiye awole?"

"Ndiwayankhule kuti chiyani? Ndiyambire pati?"

Ndinapita kwa amayi.

"Amayi, audulatu."

"Audule. Kumanda sapita ndi mpikisano wothamanga. Koma kuti andigwire mkamwini, anthu a kwathu ku Mkaika akamve? Iwe unapita kusukulu kukataya nzeru?"

Ndinasowa womukwiyira. Onse awiri ankachita zimene tinaphunzitsidwa kuti ndi zabwino, ndipo ntchentche zinali kuchuluka.

Lachisanu m'mawa aEvaristo analowanso. Anandiuza kuti ndimasule mwana kumbuyo, ndimukhazike pamphasa pakati pa iwo ndi amayi. Esther anali ndi miyezi isanu ndi inayi. AEvaristo ananjuta naomba m'manja kwa khandalo.

"AEsther, mwadzuka bwanji? Tatiperekerani uthenga kwa agogo anu. Muwauze kuti mwendowu sisitere anaulemba m'buku, ndiye panopa ndi wa mishoni. Tikupempha tiubwereke."

Esther anali kudya chala. Ine ndinaganiza kuti amuna anga azungulira mutu. Kenaka amayi anakoka bulangete nadzifunda thupi lonse mpaka kumutu, mwendo wokha uli panja.

"Esther," anatero ali m'bulangetemo, "uwauze a mishoniwo kuti ine ndachokapo. Zimene achite ndi katundu wawo sindikuzidziwa."

AEvaristo anasamba m'manja nayamba. Akafuna kudula amati, "AEsther, auzeni kuti apa piwawa." M'bulangete mumachoka mawu: "Esther, uwafunse ngati kumigodi ankasenda ng'ombe!" Azimayi a pamphasa zina anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinagwira beseni, osadziwa ngati ndiseke kapena ndichite manyazi. Kodi mwambo tinausunga kapena tinauswa? Ndinafunsa mayi wina wamkulu wa mumpingo, iye anangoti, "Iwe unaona chiyani?" Ndinaona zonse, n'chifukwa chake ndikufunsa.

Zinatero m'mawa uliwonse. Tsiku lina Esther anagona, ntchito inaima mpaka ndinamudzutsa.

Lachiwiri lachitatu sisitere anamasula bandeji, napeza mnofu wofiira bwino, fungo litatha. Anati za ku Fort Jameson zija zisiyike. Kenaka anafunsa amayi m'Chinyanja chake chopindika kuti wawasamala bwino chotere ndani.

Amuna anga anali chiimire pakhomo, akuyang'ana panja. Amayi anakonza duku lawo.

"Kaya, mama," anatero. "Ine sindinaone munthu."