Anaidula Mapiko Kuti Ilowe pa Geti

Ndinaganiza zochoka tsiku limene anakhoma loko pa shedi ya ndege. Ndinali nditagwira ntchito zaka zinayi pansi pa a Mbewe, makaniko wamkulu, tikusamalira kandege ka injini imodzi, ka mipando inayi, mapiko ali pamwamba. Bambo anga ankakhoma ndowa ndi mbaula ku Area 1, choncho manja anga anali atazolowera kale lata. Zotsalazo anandiphunzitsa a Mbewe.

Ndegeyo inapangidwa ine ndisanabadwe, koma sinkadwaladwala. Liwiro inalibe, inde. Koma inkatera pakabwalo kafumbi kumudzi, kunyamula mayi wovutika pobereka, n'kudzuka bwinobwino. Eni ake, bungwe lina lothandiza odwala, pochoka m'dziko muno anaisiya m'manja mwa akuluakulu ena a m'maofesi. Iwo anati tidikire. Tinadikira mpaka mvula inagwa n'kusiya.

"Pita, Yusufu," anatero a Mbewe. "Luso likakhala pansi limachita dzimbiri."

Ndinapita ku Botswana, ku Maun. Kumeneko ndege za mtundu womwewu zinali mbwee, zina zakale kuposa yathu, zikuuluka tsiku ndi tsiku ndi alendo okaona nyama. Matsenga palibe. Injini ikakwanitsa maola ake amaimasula yonse, kusintha zotha, n'kuibwezera. N'chifukwa chake ndege zimenezi zimakalamba koma sizifa.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, kotentha ngati uvuni. Mwezi unkatha osayankhula Chichewa ndi munthu maso ndi maso. Mauthenga ochokera kwathu ankayamba ndi moni, n'kuthera pa fizi kapena feteleza. Ndinkatumiza, ndipo sindidandaula. Chimene chimandipwetekabe ndi cha bambo. Anamwalira m'mawa, madzulo anali ataikidwa kale monga mwa Chisilamu, ine ndili pansi pa phiko ndi sipanala m'manja. Mkazi wanga Amina ananditumizira chithunzi cha manda.

A Mbewe okha ndi amene ankaimba osapempha kanthu. "Ndege yathu ija ikadalipo. Ukatenga mapepala ako a umakaniko wa ndege ubwere, tidzaidzutse."

Mapepalawo ndinatenga patapita zaka khumi ndi chimodzi. Ndinasiya ntchito yabwino n'kubwerera ndi bokosi la zida. Masabata atatu ndinkakwera masitepe a maofesi ku City Centre kufunsa za ndegeyo. Bwana atuluka. Bwana ali ku maliro. Bwerani mawa. Potsiriza mayi wina wosesa anandinong'oneza kuti inagulitsidwa kalekale kwa munthu wina wolemera ku Area 12.

Nditafika kumeneko, ndinauza mlonda kuti ndine makaniko wa ndege, iye n'kutsegula geti. Ndege ija inali pakapinga, itakhazikidwa pazipilala za simenti. Pamene panali injini anaikapo firiji ya mowa. Mapiko onse awiri anawadula ndi gilayinda, kudutsa mtanda waukulu umene umanyamula ndege yonse m'mwamba, n'kuwalumikizanso ndi zitsulo zomangira mpanda.

Mwini nyumba anatuluka atavala kabudula. "Ndinu odziwa ndege aja? Mwafika nthawi yabwino. Mwana wanga akukwatiwa mwezi wamawa. Mungaikeko mota kuti pulopelayi izizungulira pojambula zithunzi?"

"Bwana, mapikowa amamasulidwa ndi sipanala. Mabawuti ake ndi owerengeka. Munaduliranji?"

"Sinkalowa pa geti," anayankha akuseka. "Wowotcherera anati kudula n'kwachangu."

"Nanga injini?"

"Ogula zitsulo zakutha anatenga."

Ndinatuluka osatsanzika. Ndikanakhala mphindi ina, bwenzi pano ndili kundende.

A Mbewe ndinawapeza ku Kawale kwa mwana wawo wamkazi, atagona pamkeka, mbali imodzi ya thupi itafa. Atandiona anauza mwanayo kuti atulutse jumbo pansi pa bedi. Munali mabuku a ndegeyo, olembamo ulendo uliwonse ndi bawuti iliyonse imene inasinthidwa kuyambira tsiku limene inachoka kufakitale.

"Popanda awa sangailole kuuluka," anatero, pakamwa patapotoka. "Ndakusungira. Waiona?"

Ndinafuna kunama, koma mkwiyo unandikaniza. Ndinawafotokozera zonse, mpaka firiji.

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu kukusowa anthu odziwa ntchito, n'chifukwa chake ndinalola kuphonya maliro a bambo anga kuti ndikatenge luso kunja. Bodza. Luso linalipo kale, lili gone pamkeka ku Kawale, ulendo wosakwana ola kuchokera pa geti lija. Amene anagulitsa ndegeyo ankawadziwa a Mbewe ndi dzina. Palibe anatuma ngakhale uthenga.

Mkuluyo anaika dzanja lamoyolo pamabuku. Kenako anayankhula, osandiyang'ana.

"Akanangondiitana, mwana wanga. Ndikanawamasulira ulere."