Kansungwi ndi Belo la Majinzi Aakulu

Inu amene mukuti moyo wakupanikizani, khalani pansi ndikuuzeni za mdzukulu wanga. Ife timangomuti Kansungwi chifukwa cha kuonda. Akaima cham'mbali umachita kumufunafuna.

Tsiku limene anathawa ku banja, anafika kuno diso limodzi lotupa, mwana ali kumbuyo, phazi ili silipasi, phazi linali nsapato ya mwamuna wake. Wothawa sasankha nsapato. Bambo ake, mwana wanga wamwamuna, anamwalira kalekale, mayi akenso chimodzimodzi. Kolowera kunali kumodzi basi: kwa azakhali ake, mwana wanga woyamba, kumene inenso ndimakhala m'kachipinda kakuseri.

Azakhali akewo ndinabereka ndine, ndiye ndikhoza kunena. Pakamwa anatengera ine, thupi anatengera bambo awo. Akakhala pa sofa, enanu fufuzani pokhala.

Anamuyang'ana Kansungwi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unamulankhula chiyani kuti afike pokumenya?"

"Ndinangofunsa za mayi amene amawaimbira foni uja, azakhali."

"Umafunsiranji? Banja ndi kupirira. Uzigona mosungira katundu umo. Koma denga lake limadontha, ndipo ine sindikonza. Mvula ikangoyamba, ukubwerera kwa mwamuna wako."

Mkamwini wanga, mwamuna wa azakhaliwo, anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu. Mkazi wake atamuponyera diso, mawu aja anasanduka kuyasamula.

Apo n'kuti kuzizira kutangoyamba kumene. Kansungwi anali ndi nyengo yozizira ndi yotentha kuti apeze poima. Zikakanika, abwerere kokamenyedwa.

Anagulitsa foni ndi mphete ya ukwati, n'kupita kumene amagulitsa mabelo a kaunjika. Belo, kwa inu osadziwa, ndi chimtolo cha zovala chomangidwa ndi mawaya, ndipo salola kutsegula usanalipire. Lili ngati mwamuna, zam'kati umaziona utalowa kale. Iye anangoti, "Ndikufuna majinzi a azimayi." Ogulitsa aja ataona nkhope yamanyazi, anamukankhira belo limene linakhalitsa pakona, aliyense akulilambalala.

Analitsegulira pabwalo tonse tikuona. Jinzi yoyamba atainyamula m'mwamba, mwini wake sanaonekenso. Yachiwiri mwana wake analowa mwendo umodzi n'kutulukira kunsi ngati khoswe mu paipi. Anafukula mpaka pansi. Belo lonse linali choncho.

Azakhali ake anaseka mpaka kugwira khoma. "Wagula matenti! Bola ukhomere limodzi padenga, mwina mvula ikuchitira chisoni."

Kansungwi anapinda majinzi aja imodziimodzi, m'mawa n'kusenza kupita nawo kumsewu.

Kumsewu kuli kayesedwe kake. Mtsikana akafuna kudziwa ngati jinzi imukwana, amazunguliza chiuno cha jinziyo m'khosi mwake. Nsonga zikakumana kumbuyo, ndiye kuti yakwana. Za Kansungwi zinkazungulira khosi n'kutsalako yofunda. Atsikana ankayesa dala kuti aseke. Anyamata ogulitsa nsapato pafupi naye ankamufunsa ngati njovu zayamba kubwera mumzinda kudzagula zovala. Ankapita m'mawa ndi mtolo, madzulo n'kubwera ndi mtolo womwewo, wangowonjezera fumbi. Kuzizira kunafika pakati asanagulitse ngakhale imodzi.

Tsiku lina azakhali ake anatola jinzi imodzi kuti adule chokolopera. Kansungwi anagwira mwendo uwu, iwo mwendo uwo, n'kuyamba kukokana. Ine ndinakokera mpando wanga pafupi, poti mkangano wa m'banja saonerera patali.

"Siya!" anakuwa azakhaliwo. "Izi angavale ndani? Munthu wa chiuno chotere sanabadwe."

Ine ndinati, "Anabadwa. Ndinamubereka ndine, ndipo ndinavutika naye."

"Amayi, mukuti chiyani?"

"Ndikuti iweyo jinzi imeneyo singakukwane n'komwe. Ikathera m'ntchafu."

"Ine? Umu ndingalowemo pamodzi ndi bambo a m'nyumba muno!"

Analowa nayo kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, ati akatichititse manyazi. Tinadikira. Madzi amene anali pamoto anawira mpaka kuphwa. Kenako Kansungwi anasuzumira pa kampata ka chitseko, ine ndikusuzumira pansi pa mkono wake. Mayi uja anali ataima pagalasi, jinzi itamukhala ngati telala anachita kumuyeza, akutembenuka uku ndi uku, akudzigwira m'chiuno. Munthu woti chiberekere mwana woyamba ankangovala madiresi onga thumba la makala.

Anatuluka atavalanso diresi lake. "Ndi yonyansa," anatero. Koma jinziyo sinatulukenso m'chipindamo, ndipo chokolopera anadula thaulo la mwamuna wake.

Kansungwi anandipeza pakhonde n'kunena kuti, "Agogo, azimayi a thupi ngati azakhali ndi ambiri. Amadutsa pamalo panga tsiku lililonse, amaponya diso, koma saima. Akuopa kukuwizidwa ndi anyamata aja. Ine ndakhala ndikuitana anthu olakwika, pamalo olakwika."

Ndinati, "Ukuuza ine ngati ndine ndigule? Nyamuka."

Kumsewu sanabwererenso. Anatenga shiti ya pabedi, chingwe, ndi galasi long'aluka limene azakhali ake anataya, n'kumayenda nazo kumene kuli azimayi okhaokha: kusaluni, kuseri kwa msika kumene amayi a masamba amapumira, kukhomo lakumbuyo kwa chipatala anamwino akamaweruka. Akafika ankamanga chingwe, n'kupachika shiti, mayi n'kumayesa popanda diso la mwamuna.

Musaganize kuti zinangoyenda. Woyamba kugula anali mwini saluni. Anayesa ataimirira, atakoka mimba, osapuma, n'kunena kuti yakwana. Mawa lake atangokhala pampando wa basi, jinzi inang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Anabwera kunyumba kuno atamanga juzi m'chiuno, ndipo anamutukwana Kansungwi mpaka agalu a pamsewu anasiya kuuwa kuti amvetsere. Azakhali ake anamutulutsira mayiyo mpando kuti atukwane atakhala.

Kansungwi anapepesa, anamupatsa ina, ndipo kuyambira pamenepo anawonjezera kampando pa katundu wake. Aliyense woyesa ankamuuza kuti, "Pumani kaye, mayi. Tsopano khalani pansi. Weramani ngati mukutola mwana." Ikaluma m'mimba kapena kutsegula kumsana, ankakana kugulitsa ngakhale mayiyo achonderere.

Vuto lina linali kutalika. Eni ake oyamba a majinziwo anali anthu aatali ngati mitengo ya magetsi, ndiye kunsi kunkasesa msewu. Anapeza telala wina kuseri kwa msika, mayi wamasiye wosamva khutu limodzi, amene ankapinda kunsiko. Poyamba ankangodula mwachisawawa, mpaka namwino wina anabwera kudzadandaula kuti atavala gogoda jinzi ikulendewera m'mwamba ngati akuwoloka mtsinje. Apo Kansungwi anaika lamulo lachiwiri: "Mubwere ndi nsapato zimene mudzavalire." Ya nsapato zafulati ankaidulira pa kakolo. Ya gogoda ankaisiya yaitali kuti ibise chidendene.

Azimayi aja anayamba kumufunsa zambiri. Ambiri anali asanavalepo jinzi, ndiye pamwamba ankaponyapo chimalaya chachikulu chofika m'mawondo kuti abise zonse. Iye ankawauza kuti, "Mukabisa chonchi mukuoneka ngati kabati. Pisirani malayawa kutsogolo kokha, lamba aoneke pang'ono." M'nyengo yozizira ankawaveka juzi yopyapyala m'kati, jekete yothera m'chiuno pamwamba. Kutayamba kutentha anawasankhira majinzi opepuka, otuwirako, otakasuka m'miyendo, ndi bulauzi yolowa mphepo, kumapazi masandasi. Zonsezi sanaphunzire kusukulu. Ankayang'ana, kulakwitsa, kutukwanidwa, mawa n'kukonza.

Belo lija linatha. Anapita kukatenga lina, ndipo ulendo uno anachita kunena yekha kuti akufuna longa lapakona lija.

Azimayi anayamba kumulondola kunyumba kuno. Pabwalo pankadzaza kuseka, wina akutuluka kuseri kwa shiti akuyenda monyada, anzake akuimba m'manja. Azakhali ake zinawanyansa.

"Pakhomo panga si pamsika! Akundithera madzi kuchimbudzi, akundipondera maluwa. Ndipo iwe usaiwale, mitambo yayamba kusonkhana."

Mkamwini wanga ananong'ona kuti mwanayu akuyesetsa. Mkazi wake anamufunsa ngati wayamba kusirira azimayi a majinzi. Anapita kukatsuka njinga yake yoyera kale.

Kansungwi anasamutsira shiti ndi kampando kwa telala uja. Mayiyo analola mosavuta, chifukwa makina ake anali asanalirepo chonchi chimwalirire mwamuna wake. Kuseri kwa shopuyo kunali kachipinda kodzaza zidutswa za nsalu. Kansungwi ankakasesa pang'onopang'ono akaweruka, osauza munthu kunyumba kuno. Ngakhale ine sanandiuze, ati pakamwa panga m'pobooka. Sananame.

Mwamuna wa Kansungwi uja, atamva kuti mkazi wake wayamba kugwira kenakake m'manja, chikondi chinamubwerera mwadzidzidzi. Anayamba kutumiza moni kudzera kwa azakhali, ndi kashuga pamwamba.

Mvula yoyamba inagwa masana. Mosungira katundu muja munadontha ngati sefa. Kansungwi anafika kuchokera kuntchito atapinda jinzi yake yakuda mpaka m'katumba, kumapazi nsapato zapulasitiki, n'kupeza mwamuna wake ali pa sofa, tiyi ali m'manja. Chikwama chake chinali pakhomo, azakhali atalongedza kale, mwana atamusambitsa.

"Mvula ija ndi imeneyi," anatero azakhaliwo. "Bambo akubwerera okha. Apepesa. Akugulira ndi nsapato zomwe."

Mwamunayo anatulutsa gogoda wofiira m'pepala. Kansungwi anatembenuza nsapato imodzi n'kuyang'ana kunsi kwake.

"Phazi langa si ili. Mwina ndi la mayi wa pafoni uja."

Ine ndinatsamwa ndi tiyi.

Kansungwi anabereka mwana wake, n'kunyamula chikwama. "Zikomo azakhali pondilongedzera, mwandichepetsera ntchito. Zikomonso pondisunga. Ndikupita, monga munanenera. Koma sindikupita kwa awa. Ndapeza chipinda kuseri kwa telala."

Mwamunayo anaimirira. "Iwe, ukadya chiyani kumeneko?"

"Zomwe ndakhala ndikudya miyezi yonseyi inu osafunsa."

Mwamuna uja anasuntha ngati akufuna kumugwira dzanja. Apo mkamwini wanga, munthu woti chikwatire sindinamumvepo akumaliza chiganizo, anaima pakati pawo n'kunena kuti, "Achimwene, malizani tiyi wanu." Kenako analanda chikwama chija, kuchimangirira panjinga, n'kumuperekeza Kansungwi mvula ili pamutu.

Zimene zinatsala m'nyumbamo zinali zokoma. Mwamunayo ankafuna shuga wake. Azakhali ankati shugayo anathera mu tiyi amene wamwa yekha. Anatukwanizana mpaka mvula inakata, ine ndili pampando wanga, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

Lero Kansungwi ndi telala uja anagwetsa khoma n'kukulitsa shopu. Pali zipinda zoyeseramo za zitseko zenizeni, ndi shelefu ya nsapato za mapazi aakulu, poti nazonso zimasowa. Mwana wake ali pasukulu. Kansungwi sananenepebe, ndipo azakhali ake samuyankha moni mpaka pano. Si nkhani zonse zimene zimathera kukumbatirana.

Ndiye inu amene mwakhala pamenepo mukulira kuti zanu zavuta, lirani pang'ono, kulira sikuletsedwa. Mukatha mupukute m'maso, muone chimene chili m'manja mwanu, n'kufunsa kuti akuchifuna ndani. Akakusekani lero, mawa dzukani m'mawa mupitenso. Akakutukwanani chifukwa mwalakwitsa, konzani. Ndipo amene wakupatsani tsiku loti mugonje, musamudikire kuti asinthe maganizo, inu gwirani ntchito tsikulo likupezeni muli ndi kolowera. Mtima wanu musautaye, ana inu. Palibe amene adzakutolereni.